Neti Imene Ndinafunditsa Repu

Chaka chimene magetsi ankazima tsiku lonse, mwamuna wanga, wowotcherera zitsulo m'komboni ya Kalingalinga, ankangokhala pa tayala kuyang'ana babu. Mageti osamaliza anachita dzimbiri pakhomo. Ine ndinalima repu kuseri kwa nyumba, kadimba ngati mphasa ziwiri, ndipo ndinkathirira ndi madzi otsukira mbale. Ndiwo zathu zinali zimenezo, zina ndinkagulitsa pamsewu.

Bambo wa nyumba yoyandikana nafe atachotsedwa ntchito anayamba kuweta akalulu m'khola la matabwa ofumbwa. Akaluluwo ankatuluka, n'kukwawira pansi pa malata a mpanda, n'kundimetera repu mpaka kusiya timitengo tokhatokha. Ndinawaza phulusa, ndinawaza tsabola. Ankadya ngati ndawathirira mchere.

"Baneba, vinyama vanu vanisiliza," ndinakalipa ndili pa mpanda.

"Nizavimanga, amai, osadandaula," anayankha. Sanamange.

Waya wotchingira sitikanaukwanitsa. Koma m'komboni monse anthu ankafunditsa mbewu ndi maneti a udzudzu olandira kukiliniki, ndiye nanenso ndinatero. Tinali ndi awiri. Yathu inali ndi mabowo oti kalulu n'kudutsa osawerama. Ya mwana wathu wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, inali yatsopano. Ndinaimasula pabedi pake, ndinakhoma zikhomo, m'mphepete ndinatsindira ndi njerwa.

"Bamake mwana, iyo ni neti ya mwana," anatero mwamuna wanga.

"Manje azadya neti?" ndinamuyankha. Pakamwa panga sipachedwa. Iye anabwerera pa tayala lake.

Mvula inali itatha, ndipo ndinadziuza kuti udzudzu wapita nayo. Mu ngalande ya kuseri madzi anali akadali chiimire, obiriwira. Ndinkawaona tsiku lililonse pothirira.

Repu anakula bwino kwambiri. Akalulu ankafika, kununkhiza netiyo, n'kubwerera. Ndinanyada.

Mwana atayamba kutentha thupi ndinati ndi chimfine, ndinamugulira mapiritsi pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu. Tsiku lachitatu anayamba kunjenjemera, ndinamubereka kupita kukiliniki. Anati malungo, ndipo anali atafika kumutu. Namwino anafunsa ngati amagona mu neti. Ndinati inde. Tsiku lachisanu anamwalira.

Sindinalire monga amayembekezera anthu. Ndinakhala pa mphasa, amayi akumpingo akuimba, ine ndikungomva miyendo kuchita dzanzi. M'nyumba munalibe chopatsa anthu obwera kumaliro, choncho amayi ophika anapita kuseri, anachotsa njerwa, anathyola repu yense. Bambo wa akalulu uja anabwera ndi awiri ophedwa kale, atawakulunga mu pepala, nawapereka ndi manja awiri. Ndinathokoza. Ndinalibe mkwiyo, ndinalibe chilichonse.

Mayi wina wachikulire anandibweretsera mbale, nandikakamiza kudya.

"Dyani, mwana wanga. Repu yanu ni yabwino maningi, ilibe na kabowo. Munaisunga bwanji?"

"Na neti," ndinayankha.

"Mwachita bwino," anatero, n'kupita kukagawira ena.

Ndinadya yense. Maliro atatha, wina anachapa netiyo, anaipinda bwinobwino, naiika pabedi la mwana.