Amake Wanangwa ndi Makina a Pulasitiki

Ku South Bend kuno ndi Amalawi ochepa amene alibe pepala lodutsa m'manja mwa amake Wanangwa. Dzina lawo ndi Tusekele, ndipo timaimba limodzi kwaya. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba m'makomo, koma pakati pathu adatchuka ndi kamakina kolaminetera kamene amasunga pamwamba pa firiji. Ukangowaonetsa setifiketi ya ubatizo kapena chithunzi cha ukwati amakulanda, n'kukubwezera chitakutidwa m'pulasitiki, chikadali chofunda. Amuna awo, a Sosten, amati tsiku lina nawonso adzadzuka atalaminetedwa.

Timaseka, koma tikudziwa kumene zidachokera. Bambo awo ankagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo makalata amene ankalemba ankasungidwa m'katoni pansi pa bedi. Bambowo atamwalira, Tusekele ali ku sekondale, adatulutsa katoni ija kuti aonenso kalembedwe kawo, n'kupeza chiswe chitamaliza kale. Mudangotsala dothi. Kuyambira pamenepo, pepala losakutidwa kwa iwo lili ngati mwana woyenda pamvula wopanda malaya. Komanso ndi munthu wosasiyira ntchito panjira. Akagwira chinthu amafika nacho pamapeto, ndipo ine ndakhala ndikuwatama pa khalidwe limeneli.

Zaka zapitazi akhala akusamalira Mayi Ida, mzungu wokalamba amene maso adasiya kuona. Mayi Ida ali ndi bokosi lachitsulo la makalata a m'banja mwawo. Adawalemba ndi agogo a agogo awo, mayi amene adafika ku Indiana pa ngolo ya ng'ombe kuno kukadali nkhalango, zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo. Masana aliwonse, akamwa mankhwala, Mayi Ida ankapempha kuti awawerengere kalata imodzi.

Nkhanizo amake Wanangwa ankatibweretsera ku pulakatisi ya kwaya. "Anzanga, azungu awa adaonanso zakuda," ankatero. Munali za malungo otha ana, za amuna omenyana pa tsiku la chisankho ataledzera mowa wogulidwa ndi ofuna mavoti, za mnansi wobisa akapolo othawa m'khola la ng'ombe. Munalinso za tsiku limene eni nthaka ankathamangitsidwa, akudutsa pakhomo, mayi uja n'kungosuzumira pazenera osawatulutsira ngakhale madzi akumwa. Ife tinkati za mowa wa mavotizo ndiye zakwathu zenizeni.

Koma Mayi Ida sankamvera ndi makutu okha. Kalata isanawerengedwe ankatambasula manja kuti ayambe aigwira. Ankaisisita, kutsata mopindika, kufufuza pamene cholembera chidakanda pepala, ndi kadontho ka phula lofiira lomatira. Kalata iliyonse ankaizindikira ndi zala. "Iyi ndi ya chisankho ija," ankatero asanauzidwe. Ankati akagwira pepalalo amakhala ngati agwira dzanja la agogo awowo.

Mwana wawo, a Mervin, amakhala ku Speedway. Adakonza zoti pa phwando la mayi awo lokwanitsa zaka makumi asanu ndi anayi kubwere mayi wina wa kumalo osungirako mbiri yakale ku Indianapolis, adzaone makalatawo. Adagwirizana kuti bokosilo likhalebe m'nyumbamo, lidzapite kumeneko Mayi Ida akadzatsikira kulichete.

Amake Wanangwa atamva kuti kukubwera mlendo, adatsegula bokosilo n'kuliyang'ana ndi maso achilendo. Mapepala ong'ambika m'mphepete, ena amathothomatho, ena oyoyoka. Adadzifunsa kuti mlendo akaona nsanza zimenezi adzati m'nyumba muno mukusamalira ndani. Sabata imeneyo Mayi Ida anali m'chipatala chifukwa cha chiuno, ndiye iwo adanyamula makina awo n'kupita nawo kuntchito. Sadafunse munthu, poti inali mphatso, ndipo mphatso salengeza. Adanditumizira chithunzi pafoni, makalata atandandalika pa thebulo akunyezimira. Ndidawayankha kuti agwira ntchito yotamandika. Ndani mwa ife akadanena zina?

Pa tsiku la phwando ndidapita kukawathandiza kukazinga mandasi. Mlendo uja adafika, mayi wofatsa wa magalasi, ndipo adayamba wapempha kusamba m'manja ngati akukadya. Adakhala pansi, n'kutsegula bokosi. Adanyamula kalata imodzi, kuitembenuza, kunyamula ina, ndipo adafunsa motsitsa mawu kuti wachita zimenezi ndani.

Amake Wanangwa adatuluka m'khitchini akupukuta manja pa epuloni, nkhope ili mwee. "Ndine," adatero.

Mlendoyo adafotokoza mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene udapweteka kwambiri. Adati kutentha kwa makina kwalowetsa guluu m'kati mwa pepala, moti kumatula pulasitiki kungachotse zolembazo. Adati pakapita zaka guluuyo adzadya pepalalo. Adaloza pamene panali phula lija: lidasungunuka, n'kusanduka banga lofiira lophimba mawu ena. A Mervin adafiira mpaka m'khosi, n'kutuluka kukaima panja pachisanu opanda jekete. Palibe adakalipa. Kunena zoona, bola akadakalipa. Ine ndidaima pamenepo ndi mbale ya mandasi, manyazi atandigwira, ndikulakalaka pansi patang'ambika ndilowe.

"Kwachitika chiyani? Ndipatseni kuno," adatero Mayi Ida.

Mlendo adawapatsa. Zala zawo zidayenda pamwamba pa pulasitiki n'kutsetsereka mpaka m'mphepete. Adapempha ina, kenako inanso. Zonse zinali zosalala chimodzimodzi.

"Tusekele, iyi ndi iti?" adafunsa.

M'zaka zonse zija anali asanafunsepo funso limenelo. Amake Wanangwa adagwada pakapeti monga timapepesera kwathu, manja ali pamodzi, misozi ili chuchuchu. Azungu aja adasowa poyang'ana. Mayi Ida adafufuza ndi dzanja mpaka adapeza phewa lawo, n'kuwauza kuti adzuke, mawondo angawapweteke.

Nkhani ya Amalawi siyenda wapansi. Lamulungu lake inali itafika kale ngakhale kwa anzathu okhala kutali ku Beech Grove, ndipo wina kutchalitchi adayerekeza kunong'ona kuti safunsa adadya phula. Ndidamutembenukira n'kumufunsa kuti setifiketi yake ya ukwati adamukutira ndani. Zimandikwiyitsa. Akusekawo mapepala awo onse ali m'pulasitiki yomweyo, ndipo akadapatsidwa bokosilo akadathamangira nalo kwa amake Wanangwa omwewo.

Amake Wanangwa adafuna kusiya ntchito. Adaimbira a Mervin kuti afune munthu wina, koma Mayi Ida adakana, ati palibe wina amene amadziwa kuwerenga kalembedwe kopendekera kaja. Ndiye mpaka lero amapitabe. Masana amatulutsa bokosi n'kuwerenga kalata imodzi, Mayi Ida manja ali pamiyendo. Ku kwaya sabweretsanso nkhani za ngolo ya ng'ombe, ndipo makina aja a Sosten adawatsitsira kugalaja.

Sabata yatha titaweruka pulakatisi, ndidawapeza atakhala m'galimoto osailiza. Ndidalowa n'kukhala pambali pawo. Adandiuza kuti masana ake, atamaliza kuwerenga, Mayi Ida adawaitana pafupi n'kuwafunsa monong'ona, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi, ngati pansi pa bokosi sipadatsale kalata imodzi yokha imene adaiiwala.

"Ndiye mudawayankha chiyani?" ndidafunsa.

"Ndidakhuthula bokosi lonse pa thebulo, asisi, ngakhale ndimadziwa," adatero amake Wanangwa, maso ali pa chiwongolero. "Ndidawauza kuti palibe, Mayi. Ndidakuta onse."