Nkhope ya Mwana wa a Chipeso

Pamsewu wathu, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa mankhwala, pali kachipinda ka chitseko chobiriwira momwe mayi wina amalukiramo tsitsi. Tonse timawatchula kuti a Chipeso, chifukwa chipeso sichichoka m'mutu mwawo ngakhale akupita kuchipatala. M'kachipindamo muli galasi long'aluka pakona, mipando iwiri, ndi kampando kamatabwa komwe amakhalira msana ukayamba kuwawa. Amuna awo anamwalira kalekale. Zala zawozo ndi zomwe zalera mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wa m'kalasi mwanga, waulemu ndithu koma wapakamwa ngati mayi ake.

Oluka tsitsi masiku ano ali ndi chizolowezi chawo. Akamaliza mutu amaujambula ndi foni n'kuika chithunzicho pa intaneti kuti makasitomala aone. A Chipeso akaphunzira malukidwe atsopano ankayesera kaye pa mwana wawo, choncho tsamba lawo linadzaza ndi nkhope yake.

Chaka chatha nkhope imeneyo inaoneka pa chikwangwani chachikulu pafupi ndi siteji ya minibasi, ikutsatsa mafuta oyeretsa khungu. Theka linali lake lenileni, theka linalo kompyuta inaliyeretsa kuti mbuu. Anzake kusukulu anayamba kumufunsa kuti mbali yotsalayo adzadzola liti. Mtsikana uja anasiya kubwera. Mayeso anali pafupi, koma iye ananenetsa kuti sadzadutsanso pansi pa chikwangwani chija atavala yunifolomu.

A Chipeso anakhoma kachipinda kawo n'kuyamba kuyenda m'maofesi. Apolisi anati sakuona chomwe chabedwa, poti mwanayo nkhope akadali nayo. A kampani ya mafuta anati chithunzicho anagula kwa kampani ina yakunja, yopanga zithunzi ndi kompyuta. Achimwene a mayiwo anawalangiza kuti angozisiya, anthu sachedwa kuiwala. A Chipeso anawayankha kuti ayambe iwowo kuiwala njira ya kusaluni.

Nkhani inafika kukhoti. Loya wa kampani analankhula mofatsa. Anati mayiwo anavomera okha malamulo a tsambalo pamene anadina batani politsegula. Anatinso nkhope ya pachikwangwani si ya munthu aliyense, makina anachita kuipanga kuchokera ku zithunzi zambirimbiri.

A Chipeso anaimirira, chipeso chili m'mutu.

"Bwana woweruza, kudina ndinadinadi, sindikukana. Koma ndinkatsatsa malukidwe, osati mwana. Taonani chipsera chili pachibwanocho. Wangayu anagwa panjinga ali wamng'ono. Ndiye atiuze a loyawa, makina awowo anagwa panjinga ya ndani?"

Anthu anaseka mpaka woweruza anamenya patebulo. Kenako ananena mosabisa kuti malamulo omwe ali nawo analembedwa makina oterewa asanabwere, ndipo funso loti mwini nkhope yosinthidwa ndi kompyuta ndani silingayankhidwe tsiku limodzi. Mlandu anauimitsa kaye, koma analamula kuti chikwangwani chitsitsidwe podikira chigamulo.

Tsiku lochitsitsa, a Chipeso anatulutsa mpando, kupita nawo kusiteji kuja, n'kumuluka mwana wawo panja pomwepo, moyang'anizana ndi amuna omwe ankakwera makwerero. Lolemba lake mtsikana analowa m'kalasi mutu uli m'mwamba. Mnyamata wina atafunsa za theka lija, iye anamuuza kuti akalitenge kukhoti, mwina iyeyo lingamuthandize. Mayeso analemba.

Mlanduwo sunathe mpaka lero. Kampani yakunja ija sikuyankha, ndipo a Chipeso akuti adikira, kukhoti akudziwako tsopano. Kujambula sanasiye, koma amajambula kunkhongo kokha. Kasitomala akadandaula kuti, "Asisi, nanga kumasoku? Ndadzola bwino lero," iwo amamugwira paphewa n'kumutembenuza.

"Ntchito yanga ndi tsitsili, mayi. Nkhopeyo ndi yanu, pitani nayo kwanu."