Ganeshi m'Bwato la Abambo

Utsi wa lubani ukandidutsa pamphuno, ndimaona Amayi Shanta akukoka miyendo yawo yotupa kulowa m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, pa boma pa Nkhotakota. Anali Mmwenye wachihindu, mayi wamasiye. Boma lakale litathamangitsira Amwenye m'mizinda, iwo anakakhala ku Limbe, ndipo anabwerera kuno matipate atangoyamba, mutu uli mbuu.

Kachipindako ankakatcha kachisi, ngakhale mbuzi ziwiri sizikanakwanamo. Nsapato zinkatsala panja. Ankaliza kabelu, n'kuyamba alonjera Ganeshi, mulungu wa mutu wa njovu amene ankakhala chapakhomo, kenako n'kusendera mkati kwa Lakishimi, mwini chuma, kumene nyale ya mafuta a mkaka inkayaka. M'mawa uliwonse ankaisambitsa milunguyo, kuiveka maluwa ndi kuipatsa mpunga, ife ana tikusuzumira pawindo n'kumaseka.

"Ana anga ndinalera, anakula," ankatero akupukuta thukuta. "Awa sakula ayi."

Sitolo sinayende. Mwana wawo anati asamukire ku Mangalande, ndipo polongedza katundu Ganeshi anagwa n'kuthyoka chitamba. Pa mwambo wawo fano losweka silipembedzedwanso, komanso silitayidwa kudzala; amaligoneka m'madzi akuya. Asodzi onse anakana kulikweza m'bwato poopa kuti nsomba zidzawathawa, chonsecho ulendo wa ku Mangalande unali wa mawa lake.

Amayi Shanta anafika kwathu dzuwa lili paliwombo, Ganeshi atamukulunga m'nsalu yofiira.

"Bambo a Zaina, ndithandizeni. Sindingamutaye ngati chitini."

"Mayi, ine ndine Msilamu. Ashehe akamva ndidzati chiyani?"

"Inu munyamule nkhalamba basi. Uyu ndinyamula ndine."

Abambo anatenga nkhafi. Ine Zaina anandikweza kuti ndiziwagwirira mayiwo asagwe.

Titafika pakuya, abambo anasiya kupalasa n'kuyang'ana kumbali. Amayi Shanta anaimba chapansipansi, n'kutsitsira mtolowo m'madzi, koma zala zinakana kutseguka. Dzuwa linatiwamba, bwato likungoyandama, abambo akungodikira.

"Ndatopa kumunyamula," anatero mayiwo. "Koma watsala yekhayu amene anawadziwa amayi anga."

Kenako anausiya mtolowo. Nsalu yofiira inamira pang'onopang'ono, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinkadziwa dzina lake.

Lero ndine namwino, ndipo ntchito imanditopetsa. Koma wachibale akagwira dzanja la womwalira n'kukana kulisiya, anzanga akuyang'ana wotchi, ine ndimayang'ana kumbali n'kudikira.