Tsiku Lomwe Mabadza Sanalire

M'chaka cha 2019 ndinali ndi zaka 68, ndipo ndinali mtsogoleri wa gulu la mganda la m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Chezi. Tinalipo amuna makumi awiri ndi anayi.

Mabadza onse ndinkakonza ndine. Badza ndi chipanda cha khosi lalitali. Umachiboola, pabowopo n'kumatapo mvema, kachikopa koyera komwe kangaude amaphimbira mazira ake. Ukaimbiramo, mawu ako amatuluka akunjenjemera, n'kumveka mpaka kutsidya kwa dambo. Midzi ina inali itayamba kumata pulasitiki. Ine ndinakana. Pulasitiki imalira ngati munthu wachimfine.

Titatha kukolola kunabwera woimba wina wa ku Lilongwe. Mayi ake ndi a kwathu konkuno. Anavala ndolo ndi buluku long'amba dala m'mawondo, koma moni anapereka atanjuta. Pamenepo sindingamunamizire.

"Agogo, ndikufuna mganda wanu mu vidiyo ya nyimbo yanga. Dziko lonse likuoneni."

Ndinavomera. Ndinamva kuti akufuna mganda, choncho tinakonzeka monga timachitira popita kukapikisana ndi mudzi wina. Masabata atatu tinkakumana pabwalo masana alionse. Ndinapeka nyimbo yatsopano, yonena za matenanti a m'minda ya fodya amene amabwerera kwawo atanyamula mphasa yokha. Ndinayendayenda m'zigafa kufuna mvema watsopano. Akazi athu anachapa makabudula oyera n'kuwasita.

Pa tsikulo woimba uja anabwera ndi wojambula, sipika yaikulu, ndi kandege kokhala ndi kamera. Bwalo lathu analikana, ati silikongola. Anatikweza pathanthwe kuti mapiri a ku Ntchisi azioneka kumbuyo. Pamganda mabadza aang'ono amakhala kutsogolo, aakulu a mawu a besi kumbuyo. Wojambula anatindandalika potengera kutalika kwa munthu.

Kenako anati, "Mabadza pakamwa, koma osaimba. A ng'oma, muzingokweza manja, osagunda. Zikusokoneza."

"Nanga nyimbo yathu?" ndinafunsa.

"Saundi tili nayo kale, madala. Kwa inu tikungofuna chithunzi."

Woimba ng'oma yaikulu anali mlamu wanga, munthu wa msinkhu wanga. Ananditembenukira.

"Alamu, ndizimenya mphepo? Yalakwanji?"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndikanatha kuuza amuna anga kuti titsike, ndipo akanatsika. Koma mudzi wonse unali utakwera phiri kudzaonera, amunawo atavala kale zoyera. Ndinaima kutsogolo, ndinaika badza pakamwa, ndipo sindinatulutse mpweya. Anayatsa sipika. Nyimboyo inali yothamanga kuposa phazi la mganda, mizere n'kumapindika. Wojambula anati akawongola pa kompyuta. Tinabwereza kasanu ndi kawiri.

Vidiyoyo ndinaiona pa foni ya wogulitsa m'sitolo ina ku Mponela. Woimba ali pamwamba pa galimoto. Ife timaoneka katatu, mongodutsa. Pansi pa nyimboyo pamamveka kulira konga kwa badza, koma n'kwa makina. Sikupuma. Badza lenileni umamva pomwe munthu wakokera mpweya.

Mawu a nyimboyo ndinawamvetsera bwino. Akuti chikhalidwe chathu, chikhalidwe chathu, basi. Nyimbo ya mganda imakhala ndi nkhani. Ikaimbidwa pabwalo, wina amaweramitsa mutu chifukwa wadziwa kuti akunena iye. Iyi sikhudza aliyense, n'chifukwa chake aliyense amaikonda. Nyimbo zambiri zomwe ndimamva m'maminibasi masiku ano n'zotero. Amatenga chovala cha gule, gule yemweyo n'kumusiya.

Vidiyoyo inatchuka. Anthu a maukwati ku Mponela ndi ku Chisepo anayamba kutiitana, koma ankati tikavine ngati mu vidiyo muja, ndi sipika. Ndinasonkhanitsa gulu. Ndinati wofuna kukavinira sipika apite, koma badza asiye kwanga, chifukwa sindikonza mabadza oti azikongoletsa pakamwa. Ndinkaganiza kuti achoka atatu kapena anayi.

Palibe amene anakangana nane. Tsiku lotsatira ankabwera mmodzimmodzi, kupereka moni mwaulemu, kuika badza pakhonde n'kumapita. Mmodzi anati, "Abambo, inunso tsiku lija simunaimbe." Ankanena zoona.

Akuvinabe mpaka lero, ndipo makabudula awo ndi oyera ndithu.

Amene anapita ndi sipika ndi amuna khumi ndi asanu ndi awiri. Mwa otsalafe, awiri amwalira, mmodzi wa iwo mlamu wanga uja. Tatsala asanu, osakwana mzere. Mwa mabadza omwe anasiyidwa pakhonde, khumi ndi limodzi anabooledwa ndi makoswe m'chigafa. Ng'oma yaikulu chikopa chinang'ambika. Nyimbo ya matenanti sinaimbidwepo pamaso pa anthu. Inali ndi ndime zinayi, ndikukumbukira ziwiri.