Kapepala ka alamu anga

Dzulo ndinatola kapepala konyezimira ka bisiketi, mtima wanga n'kupita kwa alamu anga a ku Vubwi. Kalelo, akufunsira akulu anga, anapeza wailesi yathu itafa. Anangopinda kapepala ka m'paketi ya fodya n'kukapanikiza pa batire, wailesi n'kuyamba kulankhula!

Atachoka ndinakachotsa, ndinayesa nyuzipepala, ndinayesa khoko la chimanga, koma zii. Ndinathamangira amayi.

"Amama, munthu uja ngwamankhwala, asawatenge akulu!"

"Tseka pakamwa iwe, utithawitsira mkamwini!"

Komatu chikho chimene alamuwo anamwera, amayiwo anakachitaya kudzala.

Mdzukulu wanga akuti kapepalako n'kachitsulo, ndipo m'chitsulo muli tinthu tosamangika timene timanyamula magetsi. Kaya. Nanga alamu aja, munthu wosaponda m'kalasi, anationa bwanji tinthuto?