Mapilisi a Bambo Likoswe

Ntchito yanga yoyamba inali yopereka mankhwala pawindo, pa kachipatala kena ka kufupi ndi Santhe. Anandipezera ndi azakhali anga, amene ankakolopa pomwepo. Zida zanga zinali thireyi yowerengera mapilisi, bolopeni, ndi timatumba tapulasitiki tojambulidwa dzuwa ndi mwezi. Ndinkaona zimene adokotala alemba m'buku la wodwala, kuika mapilisi m'kathumba, n'kulemba nambala pansi pa chithunzi.

Adokotala athu, mayi Gondwe, ankakonda kunena kuti, "Osamangopereka, uzilankhula nawo." Koma mzere unkatalika mpaka kumsewu, ndipo ine ndinkanyadira changu changa.

Tsiku lina kunabwera bambo Likoswe, tenanti wa pa esiteti ya fodya, kwawo ku Mulanje. Shuga anali atawaononga mitsempha.

"Mapaziwa akuyaka, mwananga," anatero. "Ndikaponda pansi ngati ndaponda makala."

Adokotala anawalembera mankhwala otchedwa amitiripitilini. Mankhwalawa anapangidwira matenda okhumudwa, koma amaziziritsanso mitsempha yowawa. Amayamba kugwira pakatha masabata angapo, ndipo akachuluka m'thupi amasokoneza mtima. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinalemba 1 pansi pa mwezi n'kunena kuti, "Limodzi pogona. Wotsatira!"

Patatha masiku asanu anabwera nawo pa ngolo dzuwa lili paliwombo, atakomoka, milomo ili gwa. Akazi awo anandipatsa kathumba kaja, mulibe kanthu.

"Amati sakugwira," anatero mayiwo. "Fodya wakhwima m'munda, ndiye akapitawo anati akapanda kuthyola tisamuke. M'mawa muno amwa onse otsala kuti mwina ayende."

Mayi Gondwe anawagwira pamkono kumvera mtima, anawaika diripi, n'kuitana ambulansi. Bambo Likoswe anamwalira panjira, asanafike kuchipatala chachikulu kuboma.

Madzulo ake mayi Gondwe anabwera kuwindo. Sanandikalipire. Anangoika kathumbako patebulo.

"Unawauza chiyani?"

"Limodzi pogona."

"Basi?"

Ndinatenga kathumbako n'kuyang'ana 1 amene ndinalemba pansi pa mwezi.

Maliro anawatengera ku Mulanje, ndipo banjalo silinabwererenso. Fodya uja anathyola ena.

Ndikadali pawindo mpaka lero. Aliyense wolandira mankhwala amenewa ndimamuuza kuti ululu sutha msanga, kuti m'mawa azidzuka wofooka, kukamwa kouma, ndiponso kuti kuonjezera mapilisi ndi imfa. Kenako ndimati, "Tabwerezani zimene ndanena." Akalephera, timayambiranso. Apamzere amadandaula kuti mayi wapawindoyu ngwochedwa. Adandaule, bola abwerenso mwezi wamawa akuyenda okha.