Mabowo a m'bokosi la amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la phula lotentha ndimapsa mtima ngati zachitika dzulo.

Bambo anga anali okhoma mabwato a matabwa kwathu kwa Mwambo. Poti m'nyumba mwathu munalibe mwana wamwamuna, ndine ndinkawagwirira matabwa, ndipo ntchito yosokera nsanza m'ming'alu n'kumata phula inali yanga. Bwato lomata ine silinkalowa madzi, ndidziyamikire ndekha poti wondiyamikira panalibe. Koma madzi atathawa, mabwato anangoti mbwee pamatope ong'aluka, matemba anasowa, ndipo palibe anabweranso kudzakhometsa bwato. Mphepo ikawomba kuchokera kunyanja inkabwera ndi fumbi loyera lolowa mpaka m'mano.

Masiku amenewo ndi pamene anatulukira amalume a Fakisoni, achimwene awo a mayi, kuchokera ku Joni. Anabwera ndi kajenereta ndi makatoni awiri. M'makatonimo munali kompyuta yakale imene abwana awo anataya, yophwasulaphwasula: galasi lolemera ngati la TV, bolodi lobiriwira lodzaza ndi tinthu tonga nsikidzi, kabokosi ka magetsi kokhala ndi fani, mawaya, mabatani ofiira ndi kandodo kowongolera. Anati ku Joni ana amafola pa mabokosi ataliatali kusewera magemu a galimoto zothamanga, ndiye iwonso akufuna bokosi lotero pagolosale yawo ya pamsika.

Kwathu ndi kwa chikamwini. Malo amene panali nyumba yathu, ndi munda wa mpunga womwe, zinali za mbumba ya amayi, ndipo mwini mbumba anali amalumewo. Bambo anali mkamwini, komanso chaka chimenecho mkamwini wopanda ntchito, wodya chimanga chogula alamu ake. Amalume akangotsokomola, bambo ankaimirira.

Bokosilo tinalikhoma masiku anayi pansi pa mtengo wa mango, ndi matabwa amene anayenera kukhala bwato. Linanditalikira ine. Galasi tinaligoneka chopendekera pa mitanda iwiri, bolodi tinalimanga ndi masikuluu cham'mbali, mabatani ndi kandodo kutsogolo. Chifukwa cha kuchepa thupi, ndine ndinkalowa mkati kukalumikiza mawaya pamene amalume ankaloza. Tsiku loyesa, kumbuyo kusanatsekedwe, anayatsa jenereta ndili mkati momwemo. Galimoto zinayamba kuthamanga pagalasi, kunja anthu akuomba m'manja, koma ine ndinamva zina. Fani ija inkandiuzira mpweya wotentha patsaya, ndipo posachedwa thukuta linali kamukamu.

"Amalume, chinthuchi chikupumatu," ndinatero potuluka. "Tikatseka ponseponse chipsa."

Iwo anaseka. "Iwe, ku Joni unapitako liti? Chimene chimapha kompyuta ndi fumbi basi. Alamu, mulimate ngati bwato. Ndisaone polowera nyerere."

Ndinayang'ana bambo. Anali atapisa dzanja kumbuyo kwa faniyo, ndinawaona ndi maso angawa. Anangochotsa dzanjalo n'kunena kuti, "Esinati, katereke phula."

Ndinamata, ndipo ndinamata bwino, chifukwa manja anga sankadziwa kumata moipa. Koma mtima sunakhale pansi. Mawa lake masana akuluakulu onse anapita kumaliro ku Likangala. Ndinatenga chiboolero cha bambo n'kuboola mabowo asanu ndi atatu kumbuyo kwa bokosi, anayi moyang'anizana ndi fani, anayi chakumunsi. Ndinang'amba neti yakale ya udzudzu n'kuiphimba pamabowopo kuti fumbi lisadutse lambiri. Ndinkaganiza kuti akabwera andiyamikira. Kupusa kwa ubwana.

Amalume ataona anathyola nthambi ya bwemba. Anandikwapula pabwalo, pamaso pa ana onse amene anabwera kudzaonerera bokosilo, uku akukuwa kuti ndine mwana wamwano, wowononga matabwa, wofuna kuphunzitsa akuluakulu. Amayi ankangoti, "Pepesa, Esinati, pepesa." Sindinapepese, ndipo msozi sindinaugwetse pamaso pawo. Chimene chinandiliza chinabwera pambuyo pake. Bambo anakhala pansi, anasema tizikhomo tisanu ndi titatu, anatikhomera m'mabowo anga aja n'kumata phula pamwamba. Inali ntchito yaukhondo zedi, ngakhale dontho la madzi silikanadutsa.

Bokosi linayamba ntchito Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala, m'golosale ya malata yopanda zenera. Ana anafola mpaka pamsewu, asodzi osowa chochita atadzaza pakhomo. Kuyambira m'mawa linayenda bwinobwino, amalume akungomwetulira atapinda manja pachifuwa. Dzuwa litafika paliwombo, phula linayamba kuyenderera m'mbali mwa matabwa. Galasi linaphethira kangapo, kenako fungo la pulasitiki yopsa linadzaza m'golosale monse, galimoto zonse n'kuzimiririka. Bambo atakanula thabwa lakumbuyo ndi tchizulo, munatuluka mpweya ngati wa mu uvuni wa njerwa. Bolodi lobiriwira lija linali litada mbali imodzi.

Ndinaima pakhomo ndikudikira mawu amodzi okha, akuti Esinati ananena. Koma amalume anatembenuka n'kundiloza chala.

"Mwaonatu? Fumbi lija linalowera pa mabowo a mwana uyu!"

Mabowo amene anakhala otsegula theka la tsiku, makina ali ozima! Komabe anthu anagwedeza mitu movomereza, poti wolankhulayo anali atapondako ku Joni. Bambo anali pomwepo, tchizulo chili m'manja, maso ali pansi. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka Nachiboola, kusukulu, pamjigo, ngakhale kutchalitchi. Amayi ena ankachita kuchotsa mbiya zawo ndikamadutsa, ati ndingaziboole.

Ndinakhala mwezi wathunthu osalankhula nawo bambo kupatula moni. Tsiku lina anandituma kuti ndiwanyamulire nyundo pokayendera mabwato amene ankang'aluka ndi dzuwa. Tili awiri pamatope ouma aja, zimene ndinasunga zinatuluka zokha.

"Bambo, dzanja lija munapisa kumbuyo kwa fani, simunamve kutentha?"

"Ndinamva."

"Ndiye munkadziwa kuti chipsa?"

"Ndinkadziwa. Mwana wanga, ndili pamudzi pa eni. Ndikanawatsutsa alamu pagulu, inu mukanadya chiyani?"

"Ndiye munaona kuti ndi bwino ine ndidye ndodo?"

Ndikanakonda akananama kuti sankadziwa, mwina zikanapweteka pang'ono. Ndinaponya nyundo pansi n'kubwerera kunyumba ndekha.

Mvula itayamba, bokosi lija linali likungodya malo m'golosale. Amalume analibweretsa kwathu pa njinga, atachotsamo zamkati zonse, kuti likhale khola la nkhuku zawo. Analigoneka pabwalo, analizungulira kawiri, kenako anati, "Alamu, muboolemo mabowo kumbuyoku. Mmene lamatidwiramu nkhuku zingafe ndi kutentha." Ananena zimenezi ine ndili pomwepo, opanda ndi manyazi omwe.

Bambo anatenga chiboolero, anachiyang'ana, kenako anandipatsa ine. Sindinachilandire. Ndinatola nyundo n'kuyamba kugogoda tizikhomo tawo tija, kamodzikamodzi, mpaka tonse tisanu ndi titatu tinagwera mkati. Aliyense pabwalopo anamva kugogodako.

Amalume ndinawakhululukira msanga. Anali munthu wosadziwa amene ankaopa kuoneka wosadziwa, ndipo anthu otero ndakumana nawo ambiri chikulire. Za bambo zinanditengera zaka. Lero ndili ndi ana anga, ndagonapo ndi njala, ndipo ndikudziwa mmene chimanga cha mwini chimamangira munthu pakamwa. Ndikuwamvetsa, koma sindinganame kuti ukali unatheratu. Chimene ndinatolapo n'chakuti mwana akanena zoona pamaso panga, kaya womutsutsayo ndi wamkulu bwanji, ndimanena nthawi yomweyo kuti mwanayu akunena zoona, osadikira kuti tikhale awiri kuseri. Chifukwa pamudzi pathu paja nkhuku zinapatsidwa mpweya popanda wina kukwapulidwa, pamene ine amene ndinayamba kunena ndinatsala ndi zipsera kumsana, ndi dzina limene ena kumudzi amandiitanabe mpaka pano.